INJINI ZA NTHUNZI ZOSUNGIDWA KU SHEFFIELD

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi ndi mafumu

Lero sitikamba za mbeu kapena za dibi la ng'ombe ai. Tikamba za makina akale otchedwa injini za nthunzi, ndi za mzinda wina wa ku Mangalande umene anthu ake anakana kuti makina otere aphwanyidwe ndi kusungunulidwa, nawapatsa nyumba yokhalamo. Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ife a khasu zitikhudza bwanji zimenezi?" Dekhani. Khasu lomwelo ndi chitsulo, ndipo pomaliza pa nkhani ino ndidzapempha kanthu kamene mafumu ndiwo angathe kukachita bwino koposa wina aliyense.

Mphamvu ya mumphika

Tiyambe ndi chinthu chimene nonse muchidziwa. Amai akatereka mphika wa madzi pamoto navundikira, madzi aja akawira chivundikiro chimayamba kuvina. Chikuchikankha n'chiyani? Ndi nthunzi. Madzi akasanduka nthunzi amafuna malo aakulu kwambiri. Chidebe chimodzi cha madzi chikasanduka nthunzi chonse chimafuna malo a zidebe pafupifupi 1,700. Tsono mukaitsekera nthunziyo m'chotengera cholimba, imakankha mbali zonse kufuna potulukira. Nzeru yonse ya injini ya nthunzi yagona pamenepa: kuipatsa nthunzi njira imodzi yokha yotulukira, ndi kuika pa njirapo chinthu choti iikankhe.

Injini yotere iri ndi ziwalo zazikulu zitatu. Choyamba ndi boila, ndiye mphika waukulu wachitsulo wotsekeka ponseponse, m'mene amawiritsa madzi ndi moto wa malasha kapena wa nkhuni. Chachiwiri ndi silinda ndi pisitoni yake. Ganizani za pampu yopopera njinga: chibowo chake chachitali ndicho silinda, ndipo kachikopa koyenda m'katimo ndiko pisitoni. Pa njinga inu ndinu mumakankha pisitoni kuti mpweya utuluke. Pa injini zinthu zatembenuka: nthunzi ndiyo imalowa ndi kukankha pisitoni. Pali tizitseko totchedwa mavavu timene timalowetsa nthunzi mbali iyi, kenaka mbali inayo, kotero kuti pisitoni imapita ndi kubwerera osaleka. Chachitatu ndi mkono wachitsulo wolumikiza pisitoni ku chitsulo chopindika chozungulitsa gudumu. Mwendo wanu umangokwera ndi kutsika pa pedulo, koma gudumu la njinga limazungulira. Momwemonso pisitoni imangopita ndi kubwerera, koma gudumu la injini limazungulira, ndipo gudumu lozungulira lingathe kuyendetsa chigayo, macheka, pampu kapena sitima.

Chiyambi chake

Injini ya nthunzi inabadwa chifukwa cha bvuto la madzi. Anthu a ku Mangalande pokumba migodi ya malasha anapeza kuti akamapita pansi madzi amadzaza m'migodimo, monga achitira m'chitsime cha padambo. Anayesa kuwatunga ndi akavalo, koma madzi anali kuwapambana. M'chaka cha 1712 munthu wina wogulitsa ndi kusula zitsulo, dzina lake Thomas Newcomen, anamanga injini pa mgodi wina pafupi ndi Dudley. Inali ndi mtanda waukulu wopendekeka uku ndi uku ngati chogwirira cha mjigo. Nthunzi inali kudzaza m'silinda, kenaka ankathiramo madzi ozizira. Nthunzi ija ikazizira inkabwerera kukhala madzi pang'ono chabe, m'silinda n'kutsala mopanda kanthu, ndipo mpweya wa kunja unkakankhira pisitoni pansi. Pisitoni ikatsika inkakoka mtanda, mtanda n'kukoka pampu ya mumgodi.

Injini imeneyi inagwira nchito, koma inali yadyera pa malasha, pakuti silinda inali kutenthedwa ndi kuzizidwa nthawi iriyonse pisitoni ikayenda. James Watt wa ku Scotland, pokonza kachitsanzo ka injiniyi pa sukulu yaikulu ya ku Glasgow, anaona pamene malasha anali kuonongekera. Iye anapanga chotengera china chapadera choziziritsira nthunzi, kuti silinda izikhala yotentha nthawi zonse. Boma linamupatsa chikalata cha nzeru yakeyo m'chaka cha 1769, ndipo kuyambira 1775 anagwirizana ndi Matthew Boulton wa ku Birmingham kupanga injini zogulitsa. Pambuyo pake anazikonza kuti zizizungulitsa magudumu, ndipo zinalowa m'mafakitale. M'chaka cha 1804 Richard Trevithick anayendetsa injini pa njanji ku Wales, ndipo mu 1825 njanji ya pakati pa Stockton ndi Darlington inatsegulidwa.

Watt yemweyo ndiye anafalitsa muyeso umene mumaumva pogula injini ya chigayo, wa mphamvu za akavalo. Ogula ake anali anthu ozolowera akavalo, tsono anafuna kudziwa kuti injini ilowa m'malo mwa akavalo angati. Watt anawerengera kuti mphamvu ya kavalo mmodzi ndiyo yokweza mapaundi 33,000 phazi limodzi pa mphindi imodzi. Kunena mwa chimanga, ndiko kukweza thumba limodzi la makilogalamu 50 mapazi pafupifupi 300 pa mphindi imodzi. Sungani chiwerengero chimenechi, tichifunanso.

Mzinda wa mipeni ndi zikwakwa

Sheffield ndi mzinda wa chakumpoto kwa Mangalande, m'chigawo cha Yorkshire. Mbiri yake ndi ya zitsulo zakuthwa: mipeni, malumo, macheka, matupa ndi zikwakwa. Akulu ena mwa inu munagwirapo mpeni wolembedwa dzina la mzindawu pa chitsulo chake. Unakula chifukwa cha mitsinje yake isanu, ndiyo Don, Sheaf, Rivelin, Loxley ndi Porter, imene imatsika m'mapiri mothamanga. Anthu anatseka madamu naika magudumu oyendetsedwa ndi madzi, ndipo magudumuwo ankazungulitsa miyala yonolera ndi kukweza nyundo zazikulu.

Malo amodzi otere asungidwa mpaka lero pa mtsinje wa Sheaf, pa malo otchedwa Abbeydale. Pamenepo ankapanga zikwakwa zazitali zomwetera udzu ndi tirigu, ndi zida zina za kumunda. Koma mtsinje uli ndi nyengo zake, inu alimi mudziwa. Mvula ikachepa madzi ankatsika m'damu, gudumu n'kuima, onola n'kukhala manja lende pamene alimi akudikira zikwakwa zoti akololere. Chifukwa cha ichi m'chaka cha 1855 anaikapo injini ya nthunzi yopangidwa ndi kampani ya Davy Brothers ya mumzinda momwemo, kuti izizungulitsa miyala yonolera madzi akachepa. Sanataye gudumu la madzi ai, pakuti madzi sagula, pamene malasha ndi a ndalama. Injini inali yothandiza pa nthawi ya chilala. Nchito inatha pa Abbeydale m'chaka cha 1933, ndipo mu 1970 malowa anatsegulidwa kuti anthu aziona. Nyundo, ng'anjo, magudumu, injini ndi nyumba za anchito, zonse ziri pamalo pake.

Chilumba cha Kelham

Pakati pa mzindawu pali malo ena otchedwa Kelham Island. Ndi chilumba chopangidwa ndi manja a anthu. Zaka zoposa 800 zapitazo anakumba ngalande yopatutsa madzi a mtsinje wa Don kupita nawo ku chigayo cha tirigu cha mudziwo, ndipo nthaka yotsala pakati pa ngalande ndi mtsinje inasanduka chilumba. Onani tsono kuti malo amene kuli makina aakulu lero anayamba ndi chigayo, monga malo ambiri a malonda kwathu kuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anamangapo nyumba yopangira magetsi oyendetsa matramu, ndiwo magalimoto oyenda pa njanji m'miseu ya mumzinda. M'nyumba yomweyo ndimo anatsegula nyumba yosungiramo zinthu zakale za mafakitale a Sheffield m'chaka cha 1982.

Musanalowe pakhomo mumayamba mwaona chimphika chachikulu chachitsulo, chachitali kuposa nyumba ya pamudzi. Chimenechi ndi cha nzeru ya Henry Bessemer, amene m'chaka cha 1856 anaonetsa kuti ukauzira mpweya wamphamvu m'chitsulo chosungunuka, zosafunika za m'chitsulomo zimapsa zokha, ndipo m'kanthawi kosakwana ola limodzi umapeza matani ambiri a chitsulo cholimba. Osula athu adziwa nchito ya mvukuto. Apa mvukuto wake unali injini ya nthunzi. Nzeru imeneyi ndiyo inatsitsa mtengo wa chitsulo, kufikira kuti njanji, milatho, mapulawo ndi makasu zinafika m'maiko akutali. Chimphika chimene chiri pa Kelham chinachokera ku Workington, kumene chinagwira nchito mpaka 1974.

Injini ya River Don

Koma mwini nyumbayi, amene alendo onse amadzera, ndi injini yotchedwa River Don Engine. Inapangidwa m'chaka cha 1905 ndi a Davy Brothers omwe aja anapanga kainjini ka ku Abbeydale zaka 50 m'mbuyomo. Anapanga zinai za mtundu umenewu. Imodzi inapita ku kampani ya John Brown mu Sheffield momwemo, ina ku kampani ya Beardmore ku Glasgow, ina ku Japan, ndipo iyi inagulidwa ndi kampani ya Cammell, nakaiika ku fakitale yao ya ku Grimesthorpe. Mwa zinaizo yatsala ndi iyi yokha.

Tamverani ukulu wake. Iri ndi masilinda atatu oimirira. Iriyonse m'kamwa mwake ndi mainchesi 40, ndiko kuti mita imodzi ndi pang'ono, moti munthu wamkulu angathe kulowamo osapanikizika. Pisitoni iriyonse imayenda mapazi anai kukwera ndi mapazi anai kutsika. Injini yonse imalemera matani pafupifupi 400, ofanana ndi matumba a chimanga 8,000. Mphamvu yake ndi ya akavalo 12,000. Ngati injini ya chigayo cha kwanu iri ya akavalo 20, mufunika zigayo 600 zolira nthawi imodzi kuti mulingane nayo.

Nanga mphamvu yonseyi inali ya chiyani? Inali yopyapyalitsa chitsulo. Mwaonapo amai akutambasula ufa wokanda wa mandasi pogubuduza botolo pamwamba pake. Ku fakitale ankatenga chipika cha chitsulo chotentha psuu kuchokera m'ng'anjo, nachilowetsa pakati pa migubuduzo iwiri yachitsulo imene injiniyi inali kuzungulitsa. Chikatulukira mbali inayo chinali chitaphwa pang'ono ndi kutalika. Tsono ankayandikizitsa migubuduzo ija nachibweza, kenaka kuchipititsanso, kangapo konse, mpaka chitafika pa muyeso wofunika. Zina mwa zitsulo zimenezi zinali zochindikala mainchesi 16 ndi zolemera matani 50.

Apa ndipo pali chodabwitsa chenicheni. Wosula aliyense adziwa kuti chitsulo sichidikira munthu: chikazizira, nyundo siichita kanthu. Chotero injiniyi inayenera kuima ndi kubwerera m'mbuyo msangamsanga chitsulo chisanazizire. Anaipanga mwakuti ikuthamanga ndi liwiro lake lonse ingathe kuima ndi kuyamba kuzungulira chobwerera m'masekondi awiri okha. Werengani "imodzi, ziwiri," basi yatembenuka. Inu amene mumatembenuza ng'ombe ziwiri pamapeto pa mzere mudziwa kuti chinthu cholemera sichitembenuka mwa masewera. Ndipo zonsezi anali kuzichita munthu mmodzi woimirira pa zogwirira zake, maso ali pa chitsulo ndi pa zizindikiro za anzake. Akachedwa pang'ono kapena kufulumira, nchito ya masiku ambiri inkaonongeka.

Nchito yake yoyamba inali ya nkhondo. M'zaka zimenezo Mangalande ndi Jeremani anali kupikisana kumanga sitima zazikulu zankhondo, ndipo zitsulo zochindikala zija zinali zophimba sitimazo kuti zipolopolo za mizinga zisaboole. Itagwira nchito zaka pafupifupi 50 ku Grimesthorpe, anaisamutsira ku fakitale ina yotchedwa River Don Works, kumene inatengera dzina lake. Kumeneko inapanga zitsulo za nyumba zopangira magetsi a nyukiliya, ndi za nsanja zokumbira mafuta pansi pa nyanja ya North Sea. Inapuma m'zaka za m'ma 1970, itagwira nchito zaka pafupifupi 70.

Anaipulumutsa bwanji

Injini yotere ikapuma, njira yake yozolowereka ndi imodzi: kuidula zidutswa ndi kuisungunula. Matani 400 a chitsulo ndi ndalama zambiri, ndipo zinzake zitatu zija palibe yatsala. Koma mu Sheffield munali anthu amene anati mzinda umene unadya za chitsulo zaka mazana suyenera kutsala wopanda choonetsa ana ake. Anaimasula chiwalo ndi chiwalo, naisenzera ku Kelham Island, naimanganso.

Sanangoiimika ngati chipilala ai. Amaiyendetsabe ndi nthunzi pa masiku oikika kuti alendo aone ndi kumva. Sikokanso katundu, koma ikayamba, pansi pamanjenjemera, mikono yachitsulo yoposa msinkhu wa munthu ikukwera ndi kutsika, ndipo woyendetsa amaitembenuza pamaso pa anthu monga ankachitira kale. Amati ndiyo injini ya nthunzi ya mapisitoni yamphamvu koposa mwa zimene zikuyendabe ku Ulaya. Chifukwa choiyendetsa n'chakuti makina ongokhala amagwidwa dzimbiri, ndiponso luso losagwiritsidwa nchito limafa pamodzi ndi eni ake. Injini ikamayenda pamafunika wina wodziwa kuithira mafuta, wodziwa kumva ndi khutu pamene pakhwepa, ndipo ameneyo amayenera kuphunzitsa wachinyamata.

Kusunga sikutha tsiku limodzi. Mu June 2007 mvula yaikulu inagwa, mtsinje wa Don unasefukira, madzi ndi matope zinalowa m'nyumbamo ndi kuononga zinthu zambiri. Anatseka kwa nthawi yaitali akutsuka, kuumitsa ndi kukonza, kufikira injini ija inaliranso.

Zowawa zake

Ndisakunamizeni kuti nthawi ya nthunzi inali ya mtendere wokhawokha. Utsi wa malasha unaphimba Sheffield, nyumba zinada bii, ndipo mtsinje wa Don unaipa mpaka nsomba zinatha m'madera ena. Onola mipeni ankapuma fumbi la mwala ndi la chitsulo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri anafa ndi chifuwa asanakalambe. Boila nayo ndi chirombo. Madzi akachepa m'katimo moto ukuyakabe, chitsulo chimafooka, boila n'kuphulika ndi kupha anthu. Ndicho chifukwa chake anaikapo galasi loonetsa msinkhu wa madzi, ndi vavu yodzitsegukira yokha nthunzi ikachuluka. Panali anthu ena ofuna mphamvu yoonjezera amene ankamanga vavu imeneyi kuti isatseguke, ndipo maliro ambiri anachokera pamenepo. Nyumba yosungiramo zakale yabwino imaonetsa izi zomwe, kuti ana asamangotama makina naiwala anthu amene anapsa nawo.

Nthunzi kwathu kuno

Tsopano tibwerere kwathu, pakuti nthunzi inafika kunonso, ndipo inafika pa mitu ya makolo athu. M'chaka cha 1875 sitima ya Ilala inabwera ndi amishoni a ku Scotland kudzera m'Zambezi ndi Shire. Pofika pa mathithi anaimasula, ndipo amuna mazanamazana anasenza ziwalo zake ulendo wa masiku angapo mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Mu October chaka chomwecho inalowa m'nyanja, sitima yoyamba ya nthunzi kuyenda pa nyanja yathu. Sitima ya Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow, inayamba kuyandama mu 1901. Boila yake sinatheke kugawidwa, tsono anaikoka yathunthu pa ngolo ndi manja a anthu kudutsa zitunda ndi mitsinje. Sitima zimenezi zinkadya nkhuni, ndipo m'mbali mwa nyanja munali madoko kumene anthu a m'midzi ankaunjika mitengo yodulidwa kudikira sitima. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 mlatho wa pa Zambezi unatha, njanji n'kufikanso ku Salima. Thonje, fodya ndi tiyi wa dziko lino anayenda zaka zambiri pa msana wa nthunzi.

Injini za dizilo ndi magetsi zinalanda malo, pakuti sizifuna kukolezera moto maola ambiri zisanayambe, ndipo sizifuna anthu ambiri. Chauncy Maples anaichotsa injini ya nthunzi naiika ya dizilo mu 1967. Koma nthunzi sinafe. Ku mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa amatentha zotsalira za nzimbe kuwiritsa maboila, ndipo m'maiko ambiri magetsi amapangidwa ndi nthunzi yozungulitsa mapiko a makina otchedwa tabaini, amene Charles Parsons anapanga mu 1884. Ndipo amene mupita ku Blantyre, kapatukireni ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966. Pabwalo pake paima mitu ya sitima zakale za nthunzi. Kaonetseni ana boila, silinda ndi mkono wozungulitsa gudumu, zomwe ndalongosola zija.

Pempho kwa alimi

Kwa inu alimi mau anga ndi achidule. Injini ya ku Sheffield inagwira nchito yolemetsa zaka pafupifupi 70 chifukwa tsiku liri lonse wina ankaithira mafuta, kuipukuta ndi kumanga pokhwepa pasanathyoke. Nanga bwanji chigayo cha zaka zisanu chagona? Bwanji mjigo wa dzana lomweli wazingidwa ndi udzu? Musanalize injini onani oilo ndi madzi. Mukamva kulira kwachilendo zimitsani, musayembekeze kuti kutha kokha. Pulawo ndi khasu mukatha kulima zitsukeni, zipakeni oilo wakutha, ndi kuziika pansi pa denga. Ndipo chimene opanga anaikapo chotchinjiriza ngozi, monga chophimba lamba wa chigayo, musachichotse.

Pempho kwa mafumu

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa pempho langa ndi lalikulupo. Azungu asanafike makolo athu anali kale ndi mafakitale ao. Ankakumba miyala ya chitsulo, kuotcha makala, kumanga ng'anjo zadothi ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mibvi. Zotsala za ng'anjo zimenezi zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, pa Nyika ndi m'malo ena, ndipo zina ziri m'minda ndi m'mapiri a m'dera lanu, zosalembedwa m'buku liri lonse. Ng'anjo yadothi siiri ngati injini ya matani 400. Mnyamata mmodzi wotsegula munda angathe kuigumula m'mawa umodzi osadziwa chimene wachita. Momwemonso ogula zitsulo zakutha akuyenda m'midzi ndi masikelo ao, ndipo sikelo siidziwa kusiyanitsa chitsulo chachabe ndi khasu losulidwa ndi agogo anu, kapena boila yakale yotsala pa esiteti, pa mishoni kapena pa doko.

Tsono chitani zinthu zinai izi. Choyamba, yendani m'dera lanu ndi akuluakulu a mudzi, muone pamene pali ng'anjo, chipala chakale, kapena makina osiyidwa, ndipo lengezani pa bwalo kuti pamenepo pasalimidwe, pasatengedwe kanthu. Chachiwiri, dziwitsani a kwa DC kuti auze a Boma oyang'anira zinthu zakale, pakuti dziko liri ndi lamulo loteteza zinthu zotere. Musakumbe nokha, chifukwa odziwa amawerenga zaka za malo poona momwe zinthu zagonera m'nthaka, ndipo pofukulidwa kale sawerengapo kanthu. Chachitatu, wogula zitsulo akafika m'mudzi ayambe waonekera kwa inu, ndipo muone zimene akukweza. Chachinai, ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene inasulapo, kapena inagwirapo nchito pa njanji kapena pa sitima za panyanja, itanani aphunzitsi ndi ana a sukulu akhale nayo pansi ndi kulemba zimene ikumbukira. Chitani zimenezi chilimwe chino, pakuti chitsulo chingadikire zaka zingapo koma nkhalamba siidikira.

Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Anthu a ku Sheffield akanalandira ndalama za matani 400 aja, bwenzi zitatha chaka chomwecho, ndipo lero mwana wa kumeneko bwenzi akungomva kuti agogo ake ankapanga zitsulo, osaona ndi maso. Mwana wa kwanu nayenso adzafunsa kuti makasu ankachokera kuti sitolo isanabwere. Ng'anjo ikakhalapo, mudzamgwira dzanja ndi kukamuonetsa.

Amene muli ndi mafunso, kapena mudziwa malo otere kwanu, uzani alangizi a zaulimi a m'dera lanu kuti mau anu atipeze.